Mbuzi, banki m'khonde ndi tsiku la sikelo: lipoti la ntchito yothandiza odzipereka a zaumoyo kupeza podalira

Lipoti ili ndalembera anzanga amene amagwira ntchito ndi odzipereka a zaumoyo m'midzi, makamaka amene akuganiza zowapatsa mpamba kuti ayambe geni. Ndikufotokoza zimene tinachita kuyambira 2022 mpaka 2024 m'dera la chipatala china chaching'ono cha kumudzi m'chigawo chapakati, komwe anthu amadalira fodya, soya, mtedza ndi chimanga. Ine ndinali wogwirizanitsa ntchitoyi kumbali ya kabungwe kamene kankathandiza chipatalacho. Mayina a anthu ndi a midzi sinditchula.

Anthu ake ndi ati

Alangizi a zaumoyo, aja timawatchula ma HSA, ndi antchito a boma ndipo mwezi ukatha amalandira malipiro. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022 inkafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma m'midzi yambiri mlangizi amasenza anthu oposa pamenepo. Kuyambira 2008 ambiri mwa alangizi a kumadera ovuta kufikako amayendetsanso tizipatala ta m'mudzi, komwe ana osakwana zaka 5 amayezedwa malungo n'kulandira LA, kapena Thanzi ndi zinki akatsekula m'mimba, kapena mankhwala a chibayo.

Mlangizi yekha sangaithe ntchito yonseyi. Amene amamuthandiza ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amayi otsogolera ma care group (magulu ophunzitsa makomo za kadyedwe ndi kasamalidwe ka ana), otengera kulera khomo ndi khomo, otolera makhololo a anthu oganiziridwa TB, ndi oyeza ana pa sikelo. Awa ndiwo odzipereka, ndipo salipidwa. Chimene amapeza ndi tisheti, nthawi zina ambulera kapena njinga, ndi kaalawansi ka tsiku la maphunziro kapena la kampeni.

Vuto limene tinkafuna kuthetsa linkaonekera chaka chilichonse mu Januwale ndi Febuluwale. Nthawi imene udzudzu waswana, ana akudwala malungo ndi kutsekula m'mimba, ndi nthawi yomweyo imene nkhokwe zapepuka. Wodzipereka nayenso ali ndi banja. Amanyamula khasu kukabandira m'munda mwa wina kuti apeze kachigoba ka ufa, ndipo makomo ake amakhala osayenderedwa. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo kuyambira Malichi kunali makampeni a katemera khomo ndi khomo. Odzipereka athu anayenda nawo n'kulandira alawansi. Kampeni ikatha alawansiyo ankathera pomwepo, ntchito ya tsiku ndi tsiku n'kutsala. Pa msonkhano wa pamwezi funso linayamba kumveka poyera: nanga ife kunyumba tidya chiyani?

Mmene tinayambira

Tinachita zimene mabungwe ambiri amachita. Tinawaitanira ku maphunziro a bizinesi a masiku atatu pa sitolo, tinawaphunzitsa kusiyanitsa mpamba ndi phindu ndi kulemba zolowa ndi zotuluka, kenako aliyense tinamupatsa mpamba woti adzabweze pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja. Geni tinati aliyense asankhe yekha. Ambiri anasankha mandasi, zitumbuwa, tomato, usipa, ndipo angapo anatsegula okala pakhomo.

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mafuta ophikira, fulawa ndi shuga zinakwera, ndipo wa mandasi anapeza kuti ndalama imene inkagula zipangizo za sabata yathunthu ikuthera pa masiku anayi. Izi zinatipweteka, koma sizinali m'manja mwathu. Zimene zinali m'manja mwathu ndi zimene ndikufuna kukhalapo nthawi.

Lachitatu lina mu Juni ndinapita ku sikelo ya kumudzi osauza munthu. Ndinapeza sikelo ili pa nthambi ya mango, kabudula woyezera ana akulendewera wopanda womugwira. Amayi anali atayala zitenje pansi, ana kumsana, timabuku ta kuchipatala m'manja. Mlangizi anali yekhayekha: aimirire akweze mwana pa sikelo, akhale pansi alembe m'kabuku, atsekule bokosi la katemera abaye, abwererenso ku sikelo. Odzipereka atatu amene amayenera kuyeza ndi kulemba kunalibe. Dzuwa litafika paliwombo amayi ena anamangirira ana awo n'kumapita osayezetsa, chifukwa kunyumba kunali kopanda moto. Nditafunsa, mlangiziyo anangoloza njira ya ku msika. Lachitatu linali tsiku la msika wa pasabata, ndipo tomato sadikira. Anthu amene tinawapatsa mpamba kuti asasiye ntchito ya zaumoyo anali ataisiya tsiku limenelo pofuna kuti atibwezere mpamba wathu. Tsiku la msika ndinkalidziwa, tsiku la sikelo ndinkalidziwanso, koma ndinali ndisanawaike pamodzi.

Chachiwiri ndinachimva pa msonkhano wa pamwezi, kwa mayi wina wachikulire wotsogolera care group, amene anatsegula okala. Anaimirira n'kunena kuti: "Alangizi, ine masiku ano ndikangotulukira pa mpanda, amake mwana amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amayesa ndabwera kudzalonjerera ngongole ya sopo, pamene ine ndabwera ndi kalamba koyezera mkono wa mwana." Kumudzi okala sayenda popanda ngongole, ndipo okongola ake anali makomo omwewo amene mayiyu amawayendera. Pakhomo lina anapitapo katatu osamuona mwana. Atamuona ulendo wachinayi, kalamba kanafika pofiira, ndipo mwanayo anatumizidwa kuchipatala kukayamba chiponde. Anachira, koma masabata amene anatayikawo anatayika chifukwa cha sopo ndi mchere wa mpamba wathu. Mayiwo anamaliza ndi mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo m'chipindamo munalibe wowatsutsa.

Chachitatu chinali cha mankhwala. Bambo wina anaika Panado ndi timapilisi tina mu okala wake, monga amachitira a magolosale ambiri. Koma iyeyu ankaoneka tsiku ndi tsiku pa kachipatala ka m'mudzi akuthandiza mlangizi. Sipanatenge nthawi, mphekesera inamveka yoti mankhwala a boma akugulitsidwa. Tinawerengetsa mankhwala a m'bokosi la mlangizi ndi kaundula wake, ndipo zonse zinali bwino. Komabe dzina la mlangizi linali litadetsedwa kale, ndipo zinatengera a gulupu kuitanitsa msonkhano kuti anthu akhulupirirenso.

Kukhala pansi pamodzi

Mu Ogasiti tinaimitsa kupereka mpamba. Ndinapempha mlangizi wamkulu wa zaumoyo kuti tiitane onse amene amakhudzana ndi anthu omwewa: mlangizi wa chitukuko cha m'madera, mlangizi wa ulimi, mlangizi wa ziweto, a gulupu, apampando a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, a mipingo, ndi odzipereka eni ake. Ambiri mwa alangiziwa ankadziwana ngati anansi, koma anali asanakhalepo pa benchi imodzi kukambirana za wodzipereka mmodzi.

Tinamata pepala lalikulu pakhoma n'kujambulapo miyezi 12. Aliyense analembapo zake. Azaumoyo analemba masiku a sikelo, a kachipatala ka m'mudzi, a kulera ndi tsiku lopereka lipoti. Aulimi analemba nthawi yosoka fodya, yokolola soya, yokumba mtedza ndi ya madimba. Odzipereka analemba masiku a misika yonse yozungulira ndi miyezi ya fizi. Pepalalo litadzaza, palibe anafunika kufotokozeredwa. Masiku a sikelo awiri tinawasuntha tsiku lomwelo, chinthu chimene sichinadye ngakhale tambala.

Tinatsegulanso kaundula mmodzi wolembamo amene walandira chiyani, kwa yani, ndipo abweza liti. Apa m'pamene tinadziwa kuti ena anali ndi ngongole zitatu nthawi imodzi: yathu, ya bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndi ya katapila. Ankakongola uku kuti abweze uko. Aliyense wa ife obwereketsa ankayesa kuti ndi iye yekha akumuthandiza munthuyo. Kaundulayu amasungidwa ku chipatala ndi mlangizi wamkulu, ndipo bungwe lililonse lobwera ndi thandizo kwa odzipereka limapemphedwa kumuona kaye.

Kuchokera pa msonkhanowo, geni iliyonse isanalandire thandizo inkayenera kudutsa mafunso atatu amene odzipereka anapanga okha. Kodi imafuna kuti mwini wake akhalepo tsiku la ntchito ya zaumoyo? Kodi ogula ake ndi makomo amene iye amawayendera, ndipo adzatenga pangongole? Kodi akachokapo, alipo wapabanja amene angaisamale? Za mankhwala sitinafunse n'komwe: wodzipereka sagulitsa mankhwala a mtundu uliwonse.

Banki m'khonde

M'malo moti ife tizibwereketsa, tinathandiza odzipereka kupanga magulu awiri a banki m'khonde, lililonse la anthu osapitirira 25. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kwathu kuno palibe mudzi umene sukuidziwa. Munthu amagula sheya imodzi mpaka zisanu pa msonkhano, amakongola molingana ndi zimene wasunga, bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi kothandiza pa maliro ndi matenda. Mlangizi wa chitukuko ndiye anawaphunzitsa, chifukwa ndi ntchito yake ndipo adzakhalapo ife titachoka.

Chatsopano chimene tinaonjezera n'chaching'ono. Msonkhano umodzi wa banki pamwezi tinauika tsiku lopereka malipoti, pabwalo la chipatala pomwepo, malipoti akatha. Munthu amene kale ankachita ulesi kupalasa njinga mtunda wautali chifukwa cha pepala lokha, tsopano ankabwera chifukwa sheya yake ili komweko. Malipoti anayamba kufika pa nthawi yake popanda wina kukalipa.

Ena anafuna kuti wosapereka lipoti asamakongole. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinakana bwino. Ndalama za m'bokosimo ndi zawo, si za chipatala kapena za bungwe. Tikayamba kulanga munthu ndi ndalama yake yomwe, chimene tidzakolole ndi malipoti odzaza ndi manambala opeka.

Tinagwirizananso kuti alangizi a boma asalowe m'magulu amenewa ndipo asasunge kiyi. Ena zinawawawa, chifukwa nawonso malipiro awo safika kumapeto a mwezi. Koma wodzipereka angamulonjerere bwanji ngongole munthu amene amamuyang'anira, amenenso amasankha opita ku maphunziro a alawansi? Alangiziwo anapanga gulu lawo ndi aphunzitsi a pa sukulu yapafupi.

Mbuzi ndi nkhuku

Geni imene inadutsa mafunso onse atatu popanda vuto inali ya ziweto. Mbuzi sifuna kuti uikhalire pa msika Lachitatu, anansi saitenga pangongole, ndipo mwana akaweruka ku sukulu angathe kuimwetsa ndi kuisuntha pa msipu. Ndalama zimene zinatsala za mpamba tinagulira mbuzi zazikazi zachikuda zopatsirana. Munthu asanalandire ankayamba wamanga khola lam'mwamba, mlangizi wa ziweto n'kudzaliona. Khola lotere limateteza ziboda nthawi ya matope, ndipo zitosi zimagwera pansi n'kukhala manyowa a kudimba. Mbuzi imatenga bere miyezi 5, choncho amene analandira mvula isanagwe anali ndi ana chisanathe chaka. Ana aakazi oyamba akaleka kuyamwa ankapita kwa mnzake amene akudikira.

Pa tsiku lolandira mbuzi tinkaitana mwamuna kapena mkazi wa wolandirayo kuti amve yekha malamulo pamaso pa a mfumu. Izi tinaziphunzira pa nthawi ya mpamba, pamene amayi angapo ndalama zawo zinathera m'matumba a amuna awo. Mwamuna amene wavomera pa bwalo kuti mbuzi iyi ili ndi ngongole ya mwana mmodzi sangaitengere ku msika mwakachetechete.

Nkhuku zachikuda aliyense anali nazo kale. Chimene chinkasowa ndi katemera wa chitopa, matenda amene amasesa khola lonse m'masiku ochepa. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi 4 iliyonse. Panabwera ganizo loti odzipereka, poti amayenda kale khomo ndi khomo, azitemeranso nkhuku za anthu n'kumalipiritsa. Linkamveka bwino, koma mayi wa okala uja anatikumbutsa za chitseko chotsekedwa. Ntchito yotemera nkhuku tinaipereka kwa anyamata awiri a m'deralo amene si odzipereka a zaumoyo.

Soya sizinayende monga tinkafunira. Tinapangana kusonkhanitsa matumba kuti tigulitse pamodzi mitengo ikakwera, koma ambiri anagulitsa kwa mavenda atangokolola chifukwa cha fizi. Sindiwaimba mlandu. Chaka chachiwiri ochepa okha anakwanitsa kudikira, ndipo anali amene anakongola fizi ku banki m'khonde.

Nsanje ya m'mudzi

Mbuzi zitangofika, chiwerengero cha ofuna kudzipereka chinakwera mwadzidzidzi. Mfumu ina inabwera ndi mayina a adzukulu ake kuti alowe m'komiti ya zaumoyo. Anthu wamba nawo ankadandaula kuti iwowa analandira njinga, alandira alawansi ya poliyo, pano alandiranso mbuzi. Dandaulo lotere si lolinyozera, chifukwa wodzipereka amene mudzi ukumuchitira nsanje sangamveredwe akanena za chimbudzi kapena za neti. Ndi a gulupu tinamanga mfundo ziwiri. Wolandira mbuzi akhale amene dzina lake lili kale m'malipoti a mlangizi kwa chaka chathunthu. Ndipo odzipereka onse akalandira, ana a mbuzi otsatira azipita ku makomo ovutika amene mudzi wasankha pa bwalo. Phokoso linachepa, ngakhale silinatheretu.

Kolera ndi kugwa kwa kwacha

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unakula kwambiri m'dzinja lotsatira, ndipo m'dziko lonse unapha anthu oposa 1,700. Odzipereka athu ankakhala pa mijigo kuthira kolorini m'ndowa za anthu kuyambira mbandakucha, kenako n'kumayendera zimbudzi. Anali Januwale, mwezi wa ganyu uja. Ambiri anakhalabe pa ntchito, chifukwa anali ndi kokongola ufa popanda katapila. Amene anali adakali ndi geni ya pa msika, geniyo inaima. Mbuzi zinapitiriza kudya msipu.

Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti. Magulu athu ankayenera kugawana ndalama mu Disembala, ndipo pofika tsikulo feteleza ndi mbewu zinali zitakwera kale. Anthu anasunga chaka chathunthu n'kulandira ndalama yosagula zimene ankawerengera. Amene anali ndi mbuzi yogulitsa anapepukidwa, chifukwa mtengo wa mbuzi umatsatira msika. Kuchokera pamenepo magulu anasuntha tsiku logawana kuti lizikhala mu Okutobala, munthu agule zipangizo zaulimi mvula isanagwe ndipo ndalama isagone m'bokosi pa nthawi ya zikondwerero.

Zimene ena anachita kwina

Si ife oyamba kuyesa zimenezi. Ku Rwanda odzipereka a zaumoyo a m'midzi anaikidwa m'makopaletivi, chipatala chilichonse chaching'ono ndi kopaletivi yake. Ndalama zobwera molingana ndi ntchito imene agwira zinkagawidwa pawiri: 70 peresenti kupita ku bizinesi ya kopaletivi, 30 peresenti kwa mamembala. Chimene ndimasirira kumeneko n'chakuti bizinesi ndi ya gulu, ndipo mpamba umachokera ku ndondomeko ya boma, osati ku kabungwe kodutsa ngati kathu. Ku Uganda mabungwe a Living Goods ndi BRAC anatenga njira ina: amayi ophunzitsidwa ankayenda m'makomo kulangiza za umoyo uku akugulitsa mankhwala ndi zinthu zina zaumoyo pamtengo wotsika. Kafukufuku amene anachitika m'midzi 214 anapeza kuti imfa za ana osakwana zaka 5 zinatsika ndi 27 peresenti. Zimenezi n'zazikulu ndithu. Koma kwathu kuno mankhwala a pa kachipatala ka m'mudzi ndi aulere, ndipo tinaona tokha zimene Panado wa mu okala anachita ku dzina la mlangizi. Njira imeneyo sindingaibweretse m'dera lathu mmene ilili.

Pali chinthu chimodzi chimene sindifuna kuti lipotili libise. Mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti ogwira ntchito zaumoyo m'madera azilipidwa molingana ndi kukula kwa ntchito yawo, maola amene amagwira ndi maphunziro awo. Mbuzi si malipiro. Mayi amene waima pa mjigo kuyambira mbandakucha mpaka masana pa nthawi ya kolera wagwira ntchito ya dziko, ndipo sheya imene amagula ku banki m'khonde imachokera m'thumba mwake, osati ku ntchito imeneyo. Zimene tinachita zinamuthandiza kuti asathawire ku ganyu mu Januwale. Ngongole imene tili nayo kwa iye sizinaibweze. Ndimada nkhawa ndikamva anzanga akunena za geni ngati kuti nkhani ya malipiro yatha.

Pomwe tafika

Magulu awiri aja akuyenda okha, ndipo mlangizi wa chitukuko amawayendera. Mbuzi zafika pa makomo a kunja kwa gulu. Zingapo zinafa ndi njoka za m'mimba m'dzinja loyamba chifukwa tinachedwa kuzimwetsa mankhwala, ndipo imodzi inabedwa. Gulu linagamula kuti wofedwa mbuzi popanda kulekerera abwerere kumapeto kwa mzere, asalipire. Anyamata awiri mwa odziperekawo anachokabe kupita ku Joni, mbuzi zawo zinatsala ndi mabanja awo, ndipo gulu likukambiranabe ngati ana a mbuzizo apite kwa olowa m'malo mwawo. Mayi wa okala uja sanatseke okala wake. Anamusiyira mwana wawo wamkazi, ndipo pakhoma analembapo ndi makala kuti ngongole palibe.

Kumayambiriro kwa 2024 tinayamba kanthu kena. Wodzipereka aliyense ali ndi kope la sukulu momwe amalemba tsiku, ntchito ndi maola amene wagwira, ndipo mlangizi amasainira pa tsiku la malipoti. Cholinga chinali choti makopewa akakwana chaka, apampando a magulu awiriwa adzawatengere ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kuti pokambirana za bajeti ya khonsolo maolawo akawerengedwe pamaso pa anthu.